Tsiku Limene Ndinagwadira Apongozi M'malere

Amene mukuti ndimanama senderani pafupi mundimve mpaka kumapeto, makamaka inu a Nachisale, amene ulendo wautali umene munayendapo ndi wa kuchigayo.

Chinali chaka chimene tinavota kachiwiri, ine ndikugulitsa manachesi pa boda, pamene anatulukira azungu atatu, nsapato zawo zolemera ngati njerwa, akufuna wowatsogolera kukaona phompho la kumapiri a kwa Nthache. Amuna onse a pa boda, osintha ndalama, madalaivala odzitama kuti amafika ku Beira osaphethira, aliyense anangokumbukira pomwepo kuti bondo likumuvuta. Ndinatsala ine, mayi wa Fomu 4, amene Chingerezi changa ngakhale azunguwo anapempha kuti ndichichepetseko.

Kanjira kake ndi ka ootcha makala, komata pathanthwe ngati msoko wa malaya, m'lifupi phazi limodzi, phazinso la khanda, kumanzere mwala wofika kumitambo, kumanja phompho lakuya moti manachesi awiri amene ndinaponyamo m'mawa tinawapeza madzulo asanafike pansi, atamera kale masamba. Mukumva? Akabawi ankauluka kunsi kwathu, ife tikuwaona misana. Mzungu wamkulu, amene anati anakwera mapiri a dziko lonse, anayamba kukwawa akuitana amayi ake, ndiye onse atatu ndinawamanga m'chiuno mwanga ndi chitenje cha chipani, ntchito yokhayo imene chipanicho chinandigwirirapo.

Pakati penipeni, pokhota, ndinangoona apongozi anga aamuna, a Zuze, thumba la makala paphewa, akubwera. Mwambo mukuudziwa: mtengwa akakumana ndi apongozi amapatuka panjira n'kugwada. Nanga apa ndipatukire kuti? Ndikapatuka, tagwa anthu anayi. Ndikapanda kupatuka, mawa mudzi wonse wamva kuti sukulu inandiwononga, poti mkuluyo anali atalengeza kale pa maliro awiri kuti mwana wake anakwatira satifiketi.

Ndinapatuka. Ndinaponda m'malere, n'kuwakokera azungu anga komweko kuti njira iyere, n'kugwada pamphepo maondo onse awiri, manja ndikuwomba. "Mwaswera bwanji, bambo?" Ndipo mkuluyo, poti kufulumira sanakuphunzire, anaima n'kuyamba kufotokoza za msana wake, za mbuzi yake yotsegula m'mimba, za mvula ya chaka chatha ndi ya chaka chinacho, ine ndili chigwadire, azungu akulendewera kunsi kwanga ngati mkoko wa nthochi, mmodzi akupemphera, wina akujambula. Mukufunsa chimene chinandigwira? Ulemu, a Nachisale. Inu simungaudziwe, musadzayesere.

Atadutsa mkuluyo ndinadzuka, ndinasansa fumbi m'maondo ngakhale kumwambako kulibe fumbi, n'kuwavuula alendo anga mmodzimmodzi ngati ndowa pachitsime, ndipo dzuwa lisanalowe onse anali pa boda amoyo, kupatula mawu a mzungu wamkulu uja amene anatsalira kuphomphoko, mpaka lero ootcha makala amawamva akuitana amayi.

Manachesi anga ndinapeza adya amuna a maondo aja. Ndiye poti mumakonda kufunsa kuti ndinapindulanji, lembani: sokosi imodzi ya kumanzere, botolo la madzi lopanda chitsekerero, ndi mlandu kwa ankhoswe woti ndinaona apongozi atasenza thumba la makala koma osawalandira.