Phukusi la Nambala 14

Pali anthu kuno ku Neno amene akandiona ndikubwera amatsitsa mawu, ena amabisa jumbo kumbuyo. Sindiwadandaula. Ndinazichita ndekha, ndi pakamwa pangapa.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 2, ndipo izi ndikulemba pang'onopang'ono ngati ndikubzala mtedza. Koma mawu ndiye Mulungu anandipatsa. Pa maliro, pa ukwati, pa chinkhoswe, woitana mayina ndimakhala ine. Chimkuzamawu chikafa anthu sadandaula. Pepala sindigwira, mukanditchulira dzina kamodzi basi lalowa. Ndipo kwathu kuno kutchula munthu pagulu ndi ulemu. Wabwera ndi nkhuni pa siwa, timamutchula. Wakuchitira chabwino lero, mawa umakamupeza n'kunena kuti zikomo dzulo. Ndinakula choncho.

Ntchito yanga ndi ya njuchi. Ndimagulitsa uchi, ufa wa masamba a chamwamba, ndi gondolosi, muzu uja azibambo amatafuna pofuna mphamvu za m'nyumba (amayi, amuna anu akanena kuti sakumudziwa akunama). Mwana wanga Esinati, amene amagwira ntchito ku Blantyre, ananditsegulira tsamba pa intaneti. Munthu amaitanitsa pa foni, amapatsidwa nambala, n'kukatenga phukusi lake pa golosale ya a Nachisale pa boma. Ine yanga inali kumanga phukusi ndi kulembapo nambala. Manambala ndimawatha.

Tsiku loyamba Esinati anaimba. "Ababa, nambala 9, uchi botolo limodzi."

"Nambala 9 ndi ndani?"

"Tsamba lathu silifunsa dzina, ababa. Phukusi likatengedwa, ngakhale nambala ya foni ndimafufuta."

"Nanga ndikamuthokoza bwanji munthuyo?"

Anandifotokozera kuti masamba ena a pa intaneti amazonda anthu. Akuti ukangoyang'ana nsapato kamodzi, nsapatoyo imakutsata sabata yonse, paliponse ukatsegula foni. Amadziwa komwe uli ndi zomwe umakonda, kenako amakagulitsa nkhani zako kwa ena.

"Ameneyo ndiye wamalonda!" ndinatero. "Wosatopa!"

"Ababa, munthu wogula gondolosi safuna kutsatidwa."

Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinati ana a m'tauni ulemu unawathawa. Munthu akugulire katundu, iwe osamudziwa nkhope, osamufunsa kuti kunyumba ali bwanji? Kumeneko ndi kugulitsa ngati wakuba.

Tsiku la msika ndinasiya mapukusi pa golosale, koma sindinabwerere. Ndinakhala pa kampando kuseri kwa makatoni a sopo, pomwe ndimaona khomo bwinobwino.

"Agogo, mwakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Mukudwala kodi?" anafunsa a Nachisale.

"Ndikupumitsa bondo."

Bondo limenelo ndinalipumitsa masiku atatu a msika. Tsamba la Esinati silinasunge dzina ngakhale limodzi, koma mutu wanga unadzaza.

Woyamba kumuthokoza anali mphunzitsi wina wamkazi wa ku Luwani. Ndinamuimitsa pa msewu. "Zikomo dzulo, aphunzitsi! Uchi uja mwaumva bwanji?" Anadabwa, kenako anaseka, anati ndi wokoma. Ndinati waona, Esinati? Anthu amafuna kudziwidwa.

Wachiwiri anali bambo wina amene ankatenga chamwamba kawirikawiri. Ndinamupeza akudikira minibasi, anthu ali mbwee. "Akulu, m'thupimo mwayamba kusintha? Musalekeze, mwezi uno ndasinja wina!" Anangoyang'ana nsapato zake, minibasi itabwera anakakhala kumbuyo kwenikweni. Munthu wanzeru akanaimira pamenepo. Ine ndinati mwina ndi wogontha.

Ndiye panali nambala 14. Anabwera mnzanga wa kalekale, mkulu wa mpingo (dzina sinditchula, onani kuti ndaphunzirako). Tinakulira limodzi, ndipo mkazi wanga atamwalira ndi iwo amene anakhala nane sabata yathunthu osapita kumunda. Anayang'ana uku ndi uku, ananong'oneza nambala, n'kulowetsa phukusi mu jekete. M'phukusimo ndinali nditamanga gondolosi, wonenepa bwino. Milungu iwiri yotsatira anabweranso, manambala ena koma katundu yemweyo.

Mtima wanga unavina. Mkulu wa mpingo, kasitomala wanga! Ndinati anthu akangomva zimenezi, gondolosi atha m'phiri monse. Ndipo ndikulumbira, ndinkaona ngati ndikuwachitira ulemu.

Loweruka lina kunali chinkhoswe ku Chifunga, ine ndiye woyendetsa mwambo. Itakwana nthawi yolandira alendo olemekezeka, ndinatchula ankhoswe, ndinatchula abusa, kenako maso anga anagwera pa a Mkulu, atakhala kutsogolo ndi mayi akunyumba kwawo. Chimkuzamawu ndinachiika pansi. Sindinafune kuti mawu aphwanyike.

"Tili nawonso bambo athu awa, kasitomala wanga wamkulu! Nambala 14! Gondolosi katatu mwezi uno wokha! Azibambo, taonani mmene akuwongokera ndi zaka zawozi! Tiwaombere m'manja!"

Palibe anaomba. Mayi wina analuluta, koma nthungululuyo inathera pakati. Kenako kuseka kunayambira kumbuyo kwa anyamata, kunadutsa kwa amayi ophika, mpaka mkwati anabisa nkhope. Mayi akunyumba anadziphimba chitenje kumutu. A Mkulu anaimirira, anavula chipewa, anaweramira anthu pang'ono, n'kupita pomwe anaimika njinga. Sanandiyang'ane.

Patapita milungu iwiri Esinati anaimba. Nkhani inali itamufika kale, chifukwa minibasi sizinyamula anthu okha.

"Ababa, a ku Neno asiya kuitanitsa. Ine ndinalemba pa tsamba kuti za munthu sitisunga, sititsata aliyense. Mwandisandutsa wabodza."

"Koma tsambalo silinasunge kanthu!"

"Munasunga ndinu."

Nsapato yotsata anthu ija, imene ndinaiyamikira, inali ine.

Za malonda sizinandiwawe kwambiri. Chimene chinkandidya ndi Lamulungu lililonse kutchalitchi, a Mkulu akundipatsa moni wa nsonga za zala ngati mlendo. Zaka zonse zija kuthera pa muzu! Lolemba lina ndinanyamula botolo la uchi n'kupita kwawo. Ndinawapeza akukonza mpini wa khasu pansi pa mtengo wa manachesi. Anandilozera mpando. Ndinapepesa, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu andiuze kuti ndibwereze chifukwa sanamve.

Anapitiriza kusema mpini uja.

"Achimwene, gondolosi uja sanali wanga."

"Eti?"

"Pali munthu wina, pabanja pake zinthu sizili bwino. Ankaopa ngakhale kuima pa golosale paja. Ndinamuuza kuti tsamba la mwana wanu silifunsa dzina, ndipo phukusi ndizikamutengera ine. Ku chinkhoswe kuja iye analipo."

"Nanga bwanji simunakane pomwepo? Anthu akukusekani boma lonse!"

"Ndikanakana, akanayamba kufunsa kuti nanga ngwa ndani. Bola aziseka ine. Ndakalamba, sizindithyola."

Ine ndinaona munthu akutenga phukusi, ndinati ndamudziwa yense. Chonsecho ndinadziwa nambala yokha. Ndinaganizanso za bambo wa pa minibasi uja, kuti kaya ndinaulula chiyani pamaso pa anthu ndi funso langa la m'thupi. Ndinamvetsa zomwe Esinati ankanena, kuti pali ulemu wina woti munthu umuthandize, kenako umuiwale.

Ndiye pakamwa panga panatseguka pokha.

"Kodi munthuyo ndi ndani?"

A Mkulu anaika mpini pansi n'kundiyang'ana. Anandiyang'anitsitsa mpaka ndinamva kutentha m'makutu. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka misozi.

"Achimwene, inu simudzachira. Siyani uchiwo, dzipitani."

Lamulungu lotsatira anandigwira dzanja lonse.

Anthu ayambanso kuitanitsa, pang'onopang'ono. Esinati analamula kuti mapukusi ndizisiya m'mawa golosale ikangotsegulidwa, ndipo a Nachisale kampando kaja anakachotsa. Munthu wa a Mkulu uja mpaka lero sindimudziwa. Kunena zoona ndili ndi mayina awiri amene ndikuwaganizira, ndipo akundiyabwa pakhosi ngati chitedze. Koma ndawatsekera. Ndikasiya mapukusi ndimayenda molunjika kwathu, maso kutsogolo ngati msilikali.

Ndimacheuka kamodzi kokha, pa mtengo wa mango pomwe khomo la golosale limaonekera.