Chikesi cha ku Joni

Lolemba

Mawa ikufika! Kompyuta yanga yatsopano ili m'njira kuchokera ku Joni, ndipo transipota wati adutsa kale pa Mwanza.

Laputopu yatopa nane. Ndikangoyamba kulumikiza vidiyo ya ukwati imatentha ngati mbaula, kenako zii, yazima. Dzuwa la Mangochi mu Okutobala nalonso silikuithandiza. Chikhalirecho ntchito yanga ndi yomweyi, kujambula maukwati mbali ya azimayi, kumene ajambuli aamuna saloledwa kulowa.

Ndisanaitanitse ndinakhala pansi ndi Che Saidi, fundi wa makompyuta kuseri kwa msika. Anandiyalira bwinobwino zonse za kesi, bokosi lomwe amamangamo kompyuta:

Kesi yaikulu: mpweya umayenda, siitentha msanga. Imalandira mazabodi yaikulu, lija thabwa lomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, yokhala ndi mipata yambiri yodzaonjezera zinthu mtsogolo. Koma ndi ya pa tebulo, si yoyenda nayo.

Kesi yaing'ono: mazabodi yake ndi yaing'ononso, mipata yochepa, mkati mothinana. Koma umainyamula ndi dzanja limodzi.

Ine ndinasankha asanamalize kulankhula. Kakang'ono! Kolowa m'chikwama changa chakuda pamodzi ndi kamera. Bambo a Shakira, mwamuna wanga amene ali ku Joniko, ndinawatumizira voisi, ndinanena pang'onopang'ono ngati ndikuphunzitsa ku madrasa: kakang'ono, ngati katoni ya nsapato. Anayankha kuti, “Ndamva, mayi a Shakira, musadandaule.”

Loweruka kuli ukwati ku Lungwena. Abiti Jafali, azakhali a mkwatibwi, ndinawalonjeza kuti vidiyo aionera tsiku lomwelo, akuchimuna a ku Chiponde asanakwere galimoto kubwerera kwawo. Palibe wojambula anachitapo zimenezi kuno. Ndikakwanitsa, dzina langa lakwera. Ndikalephera, Abiti Jafali ali ndi pakamwa pofika mpaka ku Makanjira.

Chikwama ndachapa, chili pa chingwe. Mtima uli mbee.

Lachiwiri

Yafika. Ayi, chafika.

Katoni yatsitsidwa ndi amuna awiri, wina akubuula. Ndikuti mwina alakwitsa nyumba, koma dzina ndi langa, lolembedwa ndi dzanja la bambo a Shakira mbali zonse. Anthu a mu laini mwathu atuluka okha osaitanidwa. Katundu wa ku Joni sabisika.

Chikesi chakuda, chofika m'chiuno mwanga chikaima pa mpando, mbali imodzi galasi lokhalokha. Ndasuzumira pa galasipo, m'malo mwa mawaya ndikuona sopo!

Zomwe zatuluka mkati mwa kompyuta yanga:
sopo wosambira, wambiri
mafuta odzola
nsapato za sukulu za Shakira, masokosi atanyindiramo
mpango wa apongozi
chisoti cha ku mzikiti cha alamu anga
tiyi, ndi tochi ya munthu amene sindikumudziwa

Transipota akuseka. Akuti kumeneko mpata suyenda wopanda kanthu, ngakhale m'ketulo amaikamo katundu. Ndiye mwamuna wanga anaona kompyuta ngati sutikesi.

Mazabodi yabwera payokha m'katoni yake, yotakata ngati thireyi ya tiyi. Yaikulunso!

Apongozi avala mpango pomwepo, akusisita galasi, akuuza aliyense wolowa pa geti kuti, “Mwana wanga satumiza zazing'ono.” Ine ndikumwetulira mpaka masaya kuwawa. Chikwama chauma, ndachiika pambali pa chikesicho kuti ndione. Sichikufika ndi theka lomwe.

Lachitatu

Ndapita nacho kwa Che Saidi pa wilibala ya aneba. Ndi nzeru yanga yatsopano: iwo ali ndi kakesi kakang'ono kakale pa shelufu, tingosamutsiramo zipangizo, nkhani yatha.

Ayika mazabodi pamwamba pa kakesiko. Ikutuluka mbali zonse. Akuti mwana amalowa m'malaya a bambo ake, koma bambo salowa m'malaya a mwana. Yaing'ono ikanalowa m'chikesi changa popanda vuto, koma yaikulu silowa m'kakesi kawo ngakhale uipemphe bwanji.

Ndawafunsa ngati sitingacheke pang'ono m'mphepete ndi sowo. Andiyang'ana nthawi yaitali, kenako anditumizira madzi akumwa.

Basi, amanga zonse m'chikesimo. Atayatsa, mayi wanga ine! Mafani akutsogolo akuzungulira akuyaka, ofiira, obiriwira, kenako abuluu. Ndayesa kulumikiza vidiyo yomwe laputopu imafa nayo, iyi yangomeza osatsokomola. Ndaika dzanja pamwamba, pozizira. Zoona zinenedwe, ndi chabwino. Koma chabwino cha pa tebulo, ndipo ku Lungwena sikubwera pa tebulo panga.

Mwayi! Mu shopumo munali a Kachingwe, aphunzitsi a ku sekondale ochokera ku Ntcheu. Ali ndi kompyuta yaing'ono yamphamvu ndithu, koma akuti m'nyumba ya malata imawalirira ndi kutentha. Maso awo sakuchoka pa mafani anga, anga sakuchoka pa kakompyuta kawo. Tagwirizana kuti mawa madzulo tisinthane, Che Saidi akhale mboni.

Ndabwerera kunyumba ndikuimba, wilibala ikundithandiza ndi kulira kwa tayala.

Lachinayi

Nkhani za pa msika zili ndi miyendo. Ndisanamalize kusesa, apongozi ali pa khonde, mpango watsopano kumutu.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Amwa tiyi, afunsa za Shakira, afunsa za mutu wanga. Ponyamuka ndi pomwe akuti, “Kodi nsalu zomwe amakutumizirani zija, nazonso mumasinthanitsa ndi aphunzitsi?” Atero, apita.

Ndakhala ndikudziyankhira ndekha m'khitchini. Nsalu ndi nsalu, ichi ndi chida cha ntchito! Khasu likakula mpini munthu amasintha. Mayankho abwino onse amabwera apongozi atapita.

Masana kwalowa voisi ya bambo a Shakira. Za kusinthana sakudziwa, akumveka osangalala, kumbuyo kukulira makina a kuntchito kwawo. Akuti tsiku lawo lopuma analithera m'mashopu. Kakang'ono kaja anakapeza, anakanyamula ndi dzanja limodzi, manyazi anawagwira. “Ndinati anthu akaona mukulandira kameneka adzati Joni yandikana, kapena ndakuiwalani. Ndimafuna akachiona adziwe kuti muli ndi mwamuna.” Kenako akuti ndijambulitse nditaima pambali pake, ndiwatumizire.

Ndaimvera kangapo. Anamva bwinobwino zomwe ndinapempha, ndiye chondikwiyitsa n'chimenecho. Koma ndikudziwanso zomwe anthu amanena za akazi amene amuna awo anakhalitsa ku Joni, zina zimandifika ndili pa mjigo. Ndakwiya, ndawamvera chisoni, zonse pakamodzi.

Ndaimbira a Kachingwe kuti zalephereka. Akuti anali atapukuta kale tebulo. Pepani aphunzitsi.

Chithunzi ndajambulitsa, ndatumiza. Ndavala diresi yobiriwira kuti igwirizane ndi mafani.

Lachisanu

Funso la lero ndi limodzi: chikafika bwanji ku Lungwena?

Minibasi: kondakitala akuti chikhale kumbuyo pansi pa madengu a usipa. Galasi! Ndakana.

Njinga yamoto ya Che Bwanali, amene amandinyamula nthawi zonse. Tayesa njira izi pabwalo:
kuchimanga kumbuyo: chakwana, koma ine ndilibe pokhala
patsogolo pa thanki: Che Bwanali sakuona msewu
pa miyendo panga: ndilibe dzanja logwirira, ndipo chibwano chikugunda pa chitsulo
njinga ziwiri, icho chokha ine ndekha: sindingasiye galasi m'manja mwa munthu wosalidziwa pa mabampu a njira ija

Nzeru yabwera ndi apongozi, amene anabwera kudzaonetsetsa kuti chikadalipo. Akuti, “Chinthu chosweka amabereka.” Andiweramitsa, achikweza pamsana, bulangete pakati, zitenje ziwiri, mfundo pachifuwa. Manja awo sanaiwale ntchito. Chakhala nganganga!

Tayesa kuzungulira mpaka pa mphambano. Tsoka ilo ndi nthawi yomwe anthu akutuluka ku Juma. Mzikiti wonse wandiona. Wina wakuwa kuti, “Mashallah, mwanayo wakula msanga!” Wina akufunsa ngati anabayitsa kale katemera. Che Bwanali akuseka mpaka njinga kugwedezeka.

Walira mvula walira matope. Ndinalira kompyuta yamphamvu, nayi ili pamsana.

Kamera ili m'chikwama, mabatire adzaza. Mawaya ndi kiyibodi anyamula Che Bwanali. Sikirini tikagwiritsa ntchito TV ya kunyumba ya ukwati, Abiti Jafali atsimikiza kuti jenereta ilipo.

Loweruka

Tanyamuka dzuwa lisanakwiye. Pa mlatho wa Shire mphepo ikukankha chikesi ngati tanga la bwato, ine ndakakamira malaya a Che Bwanali. Kupitirira Malindi ndi mabampu okhaokha, bampu lililonse ndikulimva kawiri, langa ndi la mwanayu. Pa mchenga wolowera m'mudzi tatsika, ndayenda wapansi, thukuta mpaka m'maso.

Kungofika, nthungululu! Azimayi andithamangira, andimasula, achinyamula pamutu akuimba, ulendo nacho kumene aunjika mphatso za mkwatibwi, pakati pa mapoto ndi matiresi. Akuchimuna akugwedeza mitu kuti akuchikazi akonzeka ndithu. Ndachita kukawanong'oneza Abiti Jafali kuti akandiombolere. Achibweza, koma mayi ena a ku Chiponde andiyang'ana ngati ndalanda za mwana wawo.

Ntchito yayenda. Mkwatibwi wokongola, manja ojambulidwa bwino, wamanyazi mpaka kamera kuimvera chisoni. Ndajambula kumuveka, malangizo a anankungwi pomwe andilola, nyimbo, mpunga. Anthu ali pa chakudya, ine ndili m'chipinda chosungira chimanga, TV pa thumba, chikesi pansi. M'menemo ngati mu uvuni. Ine ndikusungunuka, icho chikungopuma mwakachetechete. Laputopu ikanafa katatu. Kakang'ono ka a Kachingwe, sindikudziwa, mwina kakanalira.

Vidiyo yatha galimoto ya ku Chiponde isanalize hutala! Tatulutsa zonse pa khonde, anthu adzaza bwalo.

Koma theka la anthu sakuyang'ana TV. Ali pa galasi, akuonera mafani akusintha mitundu. Agogo ena aamuna akufunsa ngati mkwatibwi ali mkatimo. Dalaivala wa akuchimuna, amene amafulumiza aliyense, wakhala chogwada patsogolo pake mpaka anthu ake kumukumbutsa za ulendo. Mkwatibwi yekha ndi mayi ake ndi amene aonera vidiyo yonse, akulira, akuseka. Zimenezo zandikwanira.

Abiti Jafali andigwira manja onse awiri, akundithokoza m'Chiyao. “Sikomo kwejinji, mwana wanga. Ukwati wa mng'ono wake wa mkwatibwiyu ukubwera mvula ikatha. Mudzabwere nacho chomwechi.”

Ndayesa kufotokoza kuti mtsogolo ndidzakhala ndi kakang'ono kogwira ntchito yomweyi. Akuti, “Kakang'ono ka chiyani? Anthu aona chiyani?”

Pobwerera andibereketsa ndi azimayi anayi, aliyense ndi maganizo ake pa mfundo.

Lamulungu

Msana! Khosi! Kutembenuka ndikuchita kutembenuka thupi lonse ngati basi.

Foni siikupuma. Wa ku Nkhudzi, wa ku Namwera, wina wa konkuno m'tauni. Palibe wofunsa dzina langa kapena ngati ndimajambula bwino. Onse akuti, “Ndinu mayi aja a chikompyuta choyaka?” Wa ku Nkhudzi wanenetsa kuti ndikapita ndi china chaching'ono ndisavutike n'kupita komwe.

Ndiye basi. Nkhani ya kakesi yafera pomwepa. Ndavomera maukwati onse. Ndiyenera kugula zitenje zolimba, ndipo Che Bwanali akuti aika siponji ina pa mpando.

Madzulo aimba bambo a Shakira. Ndinakonza mawu ambiri, za msana, za katoni ya nsapato, za munthu womva koma osamvera. Iwo funso lawo limodzi: “Anthu achiona?”

Ndati achiona, Lungwena yonse ndi Chiponde yomwe.

Aseka kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno. Ndangowauza kuti n'cholemera.

Akuti, “Ndikabwera ndizidzakunyamulirani ine.”

Ndafunsa kuti liti. Akuti posachedwa, Inshallah, monga amanenera chaka chilichonse.

Ndawasowa bambo amenewa, ndawasowa kwambiri, ndi kusamva kwawo komwe. Mpaka adzabwere ndizibereka ndekha. Ukwati wa ku Nkhudzi ndi Loweruka likubwerali, ndipo njira yake akuti ndi ya miyala.