Nkhosa ya ku Ireland pa Khonde la Telala

Lolemba, 24 Meyi 1999

Pa makina anga osokera lero pagona nkhosa! Yansalu, koma ikuyang'ana ngati ikudziwa mbiri yanga.

Ndilembe mwadongosolo, mutu ukuzungulira. Mmawa ndili pakhonde la golosale pomwe ndimasokera, ndikupinda thalauza la aphunzitsi. Akutulukira a Sisitere Brijita a ku Ludzi, pambuyo pawo mzungu wokalamba, wamfupi, mphuno psuu, wanyamula sutikesi.

"A telala, awa ndi alongo anga a Deklani, abwera kudzandiona kuchokera kwathu ku Ireland. Ali ndi wodwala."

Wodwalayo ndi Moli, chidole cha nkhosa chovala kudzanja, ubweya wake weniweni. Khutu lang'ambika, jekete ladyedwa ndi njenjete. Mkuluyo akulowetsa dzanja. Nkhosa ikudzuka! Ikuyasamula! Ikununkhiza sizasi yanga, kenako ikundilankhula Chingerezi, milomo ya mwini wake ili duu! Ine chagada pampando. Mayi wa nthochi wathawa, dengu wasiya.

A Sisitere akuti alongo awowa poyamba anali wopereka makalata panjinga, zidole ankaseweretsa m'maphwando a ana. Wailesi ya kanema itafika kwawo anaitanidwa, ndipo akalambira momwemo. Ana amene ankaonera Moli kalelo pano ali ndi ana awo. Anapuma ntchito chifukwa manja anayamba kunjenjemera. Ndaona ndekha: kapu ya tiyi ikumalira pa sosala.

Tsono nkhani yaikulu nayi. Loweruka akufuna kusangalatsa ana ku holo. Koma Moli sadziwa Chichewa. Pakufunika munthu wobisala kuseri kwa katani, wolankhula m'malo mwake.

Ndaimika mkono a Sisitere asanamalize. INE!

Zoti ndichite:
- khutu
- jekete latsopano
- kuphunzira kulira kwa nkhosa ya chizungu
- kumeta

Kanema wafika m'Malawi chaka chomwe chino. Ndani akusangalatsa ana mmenemo? Wa ku Mchinji alimo? Mulungu satumiza nkhosa pakhonde la munthu popanda chifukwa!

Lachiwiri, 25 Meyi

Khutu latheka. Lakongola kuposa linzake.

Jekete: nsalu yowala yomwe ndili nayo ndi zotsala za chipani zija ndinasokera amayi ovina pa kampeni. Ndadula mochenjera kuti nkhope ya mtsogoleri isaoneke. Yaonekabe pang'ono. Mphuno ndi magalasi zagwera kumatako kwa nkhosa. Palibe azindikire.

Masana, maphunziro pansi pa mtengo wa mango. A Deklani akulankhula Chingerezi chothamanga ngati akutafuna chimanga chokazinga, koma ndikutolako. Malamulo awo:
- chidole chiyambe chapuma, kenako chilankhule
- chiyang'ane mwana wamng'ono kwambiri, wamantha uja
- osakuwa

Lamulo lachitatulo sindikugwirizana nalo. Holo ndi yaikulu.

Ndiye mwayi pamwamba pa mwayi! Wabwera Mabvuto, dalaivala wa thiraki wa ku Chipata, kudzatenga ovolosi yake. Ndamuuza zonse. Akuti: "Mudala, osavutika! Msuweni wanga ali na kamera, ajambula ngakhale ma bwana. Nizamuleta, abwele kuno pa Saturday."

KAMERA!

Ndauza mwini golosale, wometa, anyamata a kabaza, ndi mayi wa nthochi uja (wabwerera dengu lake). Ndawauza kuti asauze anthu.

Kunyumba ndauza akazi anga, Naphiri. Akusenda mbatata, osadzutsa n'komwe mutu. "Inu abambo, mawu anuwo si aja a kwaya anakupemphani kuti muziyendetsa milomo yokha?"

Nsanje basi. Mneneri salemekezeka kwawo.

Lachitatu, 26 Meyi

Azindikira.

Ana a sukulu afalitsa kuti nkhosa ya mzungu yalowa chipani. Dzuwa lisanakwere afika a Zulu, tcheyamani wa chipani cha nsaluyo, akumwetulira mano onse. "A telala, mwachita bwino! Nkhosayi ikalankhule pa msonkhano wathu ku Kapondo." Sanaone komwe kwakhala magalasi a bwana wawo. Ndaikhazika pansi msanga.

Asanachoke, afika a Mbewe a chipani chinacho, thukuta kamukamu. "Zaka zonsezi timasoketsa kwa inu, kani ndinu wa uko?"

Nzeru za telala: ndasoka kachipewa ka nsalu ya chipani cha a Mbewe. Jekete uku, chipewa uku. Demokalase!

Sizinathandize. A Zulu akuti chipewa chili pamwamba pa jekete, ndiye kuti chipani chawo chaponderezedwa. A Mbewe akuti jekete ndi lalikulu kuposa chipewa. Wina wagwira mutu, wina miyendo. Ine pakati ndikukuwa kuti khutu ndasoka dzulo lomweli! Kukokana, kukokana, mpaka Moli waulukira m'mwamba, n'kukatera m'chiwaya cha tchipisi. Phava!

Mwamwayi moto unali usanakolere. Koma mafuta! Nkhosa yatuluka yonyezimira, ikununkha tchipisi cha dzana.

Matcheyamani onse awiri akumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi misonkhano.

A Sisitere atumiza mawu atatu okha kuchokera ku Ludzi: "Moli savota ayi." Za mafutazi sanamve. Ndamukulunga m'nyuzipepala, ndapita naye kunyumba, ndamuika pa denga la khola kuti akhe. Mawa ndiganiza chochita.

Meee. Meeeee. Kulira kwanga kukukhala bwino. Mbuzi za a neba zikuyankha.

Lachinayi, 27 Meyi

Mayo ine!

Ndadzuka, pa khola palibe kanthu. Pa chingwe, pakati pa malaya anga ndi thewera la mdzukulu, pakulendewera kanthu koyera mbee, kofanana ndi mwana wa mphaka.

Naphiri: "Ndakuchapirani. Ndinachita kuwiritsa ndi sopo, mafuta aja sakanachoka ndi madzi ozizira. Osathokoza?"

Ubweya wakhwinyata. Moli wachepa. Maso okha ndiwo atsala aakulu, akundiyang'ana.

Ndapalasa njinga kupita ku Ludzi. Ndawapeza a Deklani pakhonde. Ndatsegula nyuzipepala. Amutenga, amutembenuza, ayesa kulowetsa dzanja. Zala ziwiri zokha. Ayesanso. Kenaka akungomusisita pamutu ndi chala chonjenjemera chija. A Sisitere andinong'oneza kuti Moli anasokedwa ndi malemu akazi awo, asanakwatirane n'komwe.

Ndikanakonda nthaka ikanang'ambika.

Ndayesa dzanja langa. Likukana. La a Sisitere, likukana pa mfundo za zala.

Kenaka pageti pakulowa Naphiri, wapansi ulendo wonsewo, tambala kukhwapa. Wagwada. "Pepani bambo, ine sindimadziwa. Ndimayesa ndi nsalu wamba." Misozi mbwembwembwe. A Deklani ayang'ana tambala, ayang'ana manja a Naphiri, timanja tating'ono. Amupatsa Moli.

Dzanja lalowa ngati anachita kuyeza!

Mkuluyo akuti, a Sisitere akumasulira: "Musafulumire, mayi. Muyambe mwamupumitsa."

Ndipo kankhosa kapuma. Kakweza mutu pang'onopang'ono, kayang'ana tambala, kabisala kukhwapa kwa Naphiri. A Deklani aseka mpaka kutsokomola! "Wakalamba n'kuchepa ngati ine," akutero. "Zili bwino."

Ndiye dongosolo latsopano: dzanja la Naphiri, mawu anga. Palibe chaonongeka! Pa kanema chofunika ndi mawu. Dzanja aliyense ali nalo.

Tambala abweza. Akuti sangakwere naye ndege.

Lachisanu, 28 Meyi

Sindinatsegule makina. Makasitomala adikire, mbiri ikulembedwa.

Mmawa wonse ndili m'chigafa cha fodya cha achimwene, ndikuyeserera. Mawu aang'ono, mawu aakulu, nkhosa yokondwa, nkhosa yolira maliro. Fumbi la fodya lili kobo, koma mawu akumveka bwino zedi mmenemo. Achimwene abwera ndi chikwanje, amayesa fisi walowa m'khola.

Masana tonse ku holo. Anyamata amanga katani ya zitenje pa nsungwi. Naphiri akugwada kuseri, dzanja m'mwamba, ine pambali pake. Vuto: ndikati "meee" pakamwa pa Moli pamakhala patatsekeka kale. Naphiri akuti ndikuchedwa. Ine ndikuti akufulumira. A Deklani akuti ndichepetse kukuwa.

Popuma atiuza za tsiku lawo loyamba pa kanema. Akuti nyali zinali zotentha ngati ng'anjo, iwo atagona chagada pansi pa tebulo, mkono m'mwamba, dziko lonse likuonera. Bokosi lomwe linali nyumba ya Moli linagwa. Iwo osadziwa chochita, anangomutembenuzira Moli ku bokosilo, kenaka kwa ana, Moliyo n'kunena kuti, "Sindine." Akuti mawu amenewo anawatsatira moyo wonse, ngakhale m'basi anthu ankawakuwira. Nkhope yawo ambiri sankaidziwa, ankawazindikira akatsokomola.

Ine zimenezo ayi. Yanga aidziwe. Ndameta kale.

Mabvuto watumiza uthenga kudzera kwa wa kabaza wa pa boda: msuweni akubwera ndithu!

Chakumadzulo pakhosi payamba kukanda. Mawu asasa pang'ono. Mankhwala omwe ndalandira:
- mandimu ndi uchi (Naphiri)
- dzira laliwisi (achimwene)
- jinja wotafuna (mwini golosale)
- "kungokhala chete" (a Sisitere)

Ndamwa zonse kupatula chomalizacho. Ndiyesererenso kangapo.

Loweruka, 29 Meyi

Mawu palibe.

PALIBE! Ndikutsegula pakamwa, pakutuluka mphepo ngati tayala la njinga lobooka.

Ndavalabe shati yatsopano. Mwina abwerera m'njira.

Sanabwerere.

Holo yadzaza thothotho. Ana pansi, ana m'mawindo, amayi ndi makanda kumbuyo, a Zulu mbali iyi, a Mbewe mbali iyo. Ena achokera ku Mlonyeni pa ngolo, amva kuti kuli kanema. Ndani anawauza?

Msuweni wa Mabvuto wafika. Kamera ali nayo, inde. Ya zithunzi zoima, zija za pa ukwati ndi za pa chiphaso. Ndalemba pa pepala kufunsa za kanema. Akuti: "Kanema wa chani, mudala? Imani apo ngati mufuna ka chithunzi ka hafu."

Kenaka nsungwi ya katani yathyoka. Pakufunika munthu wamtali woimirira n'kugwira mbali imodzi, mkono m'mwamba. A Sisitere ayang'ana uku ndi uku. Ayang'ana ine.

A Deklani afunsa Naphiri ngati angathe zonse yekha. Naphiri akuti sadziwa mawu a nkhosa. Mkuluyo akuti alankhule mawu alionse omwe amawadziwa bwino. Iwo atuluka kuseri kuja, akakhala pamkeka pakati pa ana.

Moli watulukira pamwamba pa chitenje. Wapuma. Wayang'ana kamtsikana kena kakang'ono kutsogolo, komwe kanayamba kale kupinda milomo kuti kalire. Holo yonse zii. Ndiye nkhosa yatsokomola, n'kunena ndi mawu a m'mphuno:

"Bwerani mawa, achimwene. Thalauza lanu latsala batani lokha."

Mawu ANGA! Ndi katsokomoledwe komwe!

Holo yaphulika. Aphunzitsi agwa pa benchi. Wina kumbuyo akukuwa, "Langa lili komweko chiyambire Pasaka!" Ana onse atembenukira kwa ine, ine ndili njo, mkono m'mwamba, sindingathe ngakhale kudziteteza.

Nkhosa sinalekere pomwepo. Yayeza mwana wina ndi tepi, yapeza kuti m'chiuno mwake ndi mailosi atatu. Yalankhula ngati a Zulu, a Mbewe aseka. Yalankhula ngati a Mbewe, a Zulu aseka. Yafunsa ana chomwe chimachitika munthu akagwera m'chiwaya. Yaimbitsa nyimbo holo yonse. Kamtsikana kaja kafika pafupi, kagwira khutu lomwe ndinasoka ine, nkhosa yakapsompsona pamphuno.

Zaka zonsezi m'nyumba imodzi, mayi ameneyu amandiyeserera kuti? Kuchitsime?

Ndayang'ana a Deklani. Mwana wina wawakhalira pamwendo, wina akuwaseweretsa tsitsi. Akuseka osamva liwu ndi limodzi lomwe, misozi ikutsikira m'mbali mwa mphuno ija. Pomaliza agwira a Sisitere pamkono, anena kanthu. A Sisitere andiuza pambuyo pake: akuti moyo wawo wonse Moli amamuona chakumbuyo, chapansi. Lero ndi koyamba kumuona kumaso.

Wojambula wajambula Naphiri, Moli ndi a Deklani. Kwa ine: "Mudala wa katani, sendelani uko, mutchinga kuwala."

Mkono ukuwawa.

Lamulungu, 30 Meyi

Mawu abwerera pang'ono. Palibe wawafunsa.

Titatuluka m'tchalitchi a Deklani atsanzika, mawa akwera ndege ku Lilongwe. Sutikesi yawo ipita yopepuka. Moli amusiyira Naphiri. Akuti chidole cha m'sutikesi ndi nsanza chabe, ndipo dzanja lawo latopa. Naphiri wakana kawiri, kachitatu walandira ndi manja awiri. Ine andigwira chanza nthawi yaitali, dzanja lawo likugwedeza langa lokha, akuti khutu lija ndi ntchito ya mmisiri weniweni. Chabwino. Khutu.

Panjira ana akutitsatira. "Amayi a nkhosa! Amayi a nkhosa!" Wina waloza ine, wafunsa mnzake kuti awo ndani. "Ndi amuna awo."

Aphunzitsi akuti nkhosa ipite kusukulu Lachisanu. A ku chipatala akuti idzalankhule pa sikelo ya ana. Onse akupempha kwa Naphiri, ine ndaima pomwepo ndi njinga.

Mawa nditsegula makina molawirira. Anthu akumbukira mathalauza awo onse nthawi imodzi.

Pano Naphiri wakhala pamkeka, nkhosa kudzanja, akunong'onezana. Wandiitana. "Abambo, Moli akusungulumwa. Mumusokere mwamuna. Pakamwa musavutike napo, sazilankhula."

Ndapeza bulangete lakale, ndayamba kudula. Makutu ndawapanga aakulu, poti ntchito yake ikhala yomvera.