Mbatatesi ya Chinkhoswe ndi Njinga Yokankha

"Kodi mayi, njingayi munaiphunzira kuti?" Anandifunsa choncho mayi wina wa nkhuni pa msewu wokwera kuphiri, ine thukuta lili kamukamu, ndipo sikuti amandinyoza ayi, amangofuna kudziwa. Ndinayankha zoona: pa bwalo la mpira ku Chikamveka, Loweruka kawiri, aphunzitsi ake bambo akunyumba. Bwalo lija ndi lathyathyathya ngati tebulo, anzanga. Phiri la Zomba silili choncho.

Zinayamba mwaulemu. Tsikulo kunali chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga, mbatatesi n'kuperewera, ndiye ine, munthu amene pagulu sinditsegula pakamwa, ndinaimirira n'kunena kuti ndikagula kuphiri komwe imatchipa, ola limodzi ndabwera. Bambo anali atapita ku Blantyre, njinga yawo yamoto ataisiya pakhomo. Amayi ophika anandiimbira nthungululu, mipeni yosendera ili kale m'manja.

Kuzima koyamba kunali pa mphambano ya kumsika, pamene Zomba yense amadutsa. Ndataya kilachi msanga, njinga thii! Ndiponde kiki, nsapato n'kuvuka, minibasi kumbuyoku hutala osalekeza, kondakitala watulutsa mutu pawindo: "Amayi, isenzeni pamutu muzipita!" Wakabaza wina wachikulire sanaseke nawo. Anatola nsapato ija, kuipukuta pa buluku lake, n'kunena chapansipansi kuti, "Dzanja lamanzerelo muzilimasula pang'onopang'ono." Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo. Ine ndinati basi ndaphunzira.

Nditakhota makona angapo kuphiri, njinga inayamba kutsokomola, du, du, du, kenako zii. Ndinaponda kiki mpaka ntchafu kunjenjemera. Ndinagwedeza thanki monga amachitira bambo, khutu ndayandikitsa, kumveka timadzi tochepa ngati totsala m'ketulo. Mafuta atha! Ndipo anali mafuta amene bambo anaimira pamzere tsiku lathunthu. Tsono kumbuyo kwanga kunali chitsikire mpaka m'tauni, kungokhalapo ndafika. Koma ndikafike chimanjamanja pamaso pa anthu a mipeni aja? Ndinayamba kukankha chokwera. Inde, chokwera, chipewa cha njinga chili kumutu, chifukwa lamba wake amandikanika kumasula.

Apo ndi pomwe anandipeza mayi uja, akutsika ndi mtolo wa nkhuni wotalika kuposa njingayo. Anandifunsa funso lija, ine n'kumuyankha. Anatula mtolo, kumanga bwino chitenje, n'kugwira kumbuyo. Tinakankha, tinakankha, iye osadandaula, kungoti nthawi ndi nthawi, "Pepani mayi, pepani," ngati phirilo analiika ndi iyeyo.

Kenako anatulukira bambo wina wosamala nkhalango, pa njinga yake yamoto. Anaima, kutiyang'ana tonse awiri, n'kuwerama pansi pa thanki pomwe pali kampopi kakang'ono. Anakapotoza ndi zala ziwiri. Kiki kamodzi, njinga vuuu!

"Imeneyi ndi rizevu, amayi, mafuta apadera. Amasungira tsiku ngati lino. Sanakuuzeni?"

Anandiuza. Ndikukumbuka bwino lomwe pakamwa pa bambo pakugwedera kubwalo kuja, ine ndili kalikiliki kukonza mpango kuti chipewa chisaphwanye tsitsi.

Mbatatesi ndinagula, thumba lodzadza. Ndikulimanga, foni kulira, achemwali: "Taphika mpunga, alendo adya kale. Inu mungobwera ndi moyo." Ndinalumbira pomwepo kuti amayi akadzafunanso womutuma, ine ndidzakhala woyamba kutola mpeni n'kukhala pa mphasa.

Kutsika ndinatsika ndi giya wani, mabuleki onse awiri nditafinya, mapazi akukhula pansi. Mayi wa nkhuni uja ndinamupeza ali kutali ndithu, koma kuti ndimupitirire zinanditengera nthawi. Ndinaima, njinga n'kuzima yokha monga mwa khalidwe lake.

"Timange mtolowo kumbuyoku, mukwere ndikutsitseni," ndinatero.

Anayang'ana njinga, kuyang'ana ine, n'kuyankha mwaulemu wonse: "Ayi zikomo mayi, ndili pachangu."

Ndinamasula thumba. Iye anaweramitsa maso, n'kutambasula nsonga ya chitenje, ine kuthiramo mbatatesi mpaka anati yakwana, ndinaonjezerabe zinayi. Anamanga mfundo, kukonza nkhata, n'kupitiriza ulendo.

Ndinadikira kaye kuti akhote pakona ndisanayambe kuponda kiki.