Tsiku limene mabuleki anasiya kulira

Ndiyambe ndi kunena kuti palibe amene anamwalira. Ndanena msanga chifukwa m'nkhaniyi muli ine, oyilo ndi apongozi anga.

Ku koleji ndinaphunzira za makina chaka chimodzi ndi theka (theka linalo ine ndi mayeso sitinamvane). Choncho mabuleki a njinga yanga atayamba kulira kuti kwiii pa mtsetse uliwonse, ndinaona kuti kupita kwa okonza njinga ku Khonjeni n'kunyoza maphunziro. Chitsulo chikamalira chimafuna mafuta, izi tinaphunzira teremu yoyamba. Ndinagadamitsa njinga, ndinathira oyilo pa tcheni, kenako pa malabala a mabuleki ndi malimu onse awiri. Mosaumira. Ndinazungulira pabwalo kawiri, zii. (Pabwalo pathu palibe mtsetse.)

M'mawa mwake wa kabaza amene amanyamula apongozi sanabwere, pomwe apongozi ankayenera kukatsogolera nyimbo ku msonkhano wa amayi a mpingo.

"Atengeni amayi," anatero akazi anga. "Si mwakonza njinga?"

Tsono ine ndine mkamwini, ndimakhala pamudzi pawo. Apongozi sindiwayang'ana m'maso, kukhudzana ndiye sitiyerekeza n'komwe. Anakhala cham'mbali pa kaliyala atagwira chitsulo ndi zala ziwiri, pakati pathu mpata woti mbuzi n'kudutsa.

Tinafika pa mtsetse wa mu esiteti ya tiyi, uja umakathera pa kamlatho kopanda zotchinga. Ndinafinya buleki ya kumbuyo. Zii. Ya kutsogolo. Zii. Ntchito ndinaigwira bwino ndithu.

Akanakhala munthu wina ndikanakuwa kuti andigwire m'chiuno. Koma apongozi?

"Mayi," ndinatero mwaulemu, "zikuoneka ngati tifika msanga."

"Bambo, imani!"

"Ndi zimene tikukambirana ndi njingayi, mayi."

Kamlatho kaja kakubwera. Ndinakhotetsa handulo n'kulowa m'munda wa tiyi. Njinga inaima pomwepo. Ife tinapitirira.

Nditadzuka ndinapeza apongozi ali chagada pamwamba pa tiyi, paja amadulira mosalala ngati tebulo, bulauzi ili mbee, buku la nyimbo likadali m'manja. Kuwadzutsa ndi manja angawa sindikanatha. Ndinagwada chapatali, nkhope kumbali, m'mutu ndikulongedza kale katundu wobwerera kwathu.

"Zaka zonse ndathyola tiyi munomu," anatero ali chigonere, "osadziwa kuti ndi matiresi."

Amayi othyola tiyi ndiwo anawatsitsa, akuseka mpaka masamba kutayika m'madengu. Madzulo kunyumba apongozi anangoti pamsewu panadutsa galu. Mulungu amudalitse galu ameneyo kulikonse kumene ali, banja langa lilipo chifukwa cha iye.

Malabala ndinasintha ndekha, malimu ndinatsuka ndi sopo katatu. Masiku ano apongozi asanakwere amayamba afunsa, atayang'ana kumbali:

"Mabuleki akulira?"

"Akulira, mayi."

"Ndiye tiyeni."