Galoni Imodzi Yokafikira ku Chilumba

Lolemba

Petulo ndampeza! Galoni yathunthu!

Wandipatsa ndi mlangizi wa thonje, yemwe ndinamuphunzitsa Sitandade 6 ndikadali pa ntchito ya uhedimasitala. Masiku ano petulo ndi wosowa, akuti ku Liwonde galimoto zikuchita kugona pamzere. Iye wakhala akudzimana mwezi wonse, kwina kumayenda wapansi njinga yamoto ili pakhomo, chifukwa cha ine. Mwana uyu masamu ankalephera, koma mtima ali nawo.

Ndamuyeza: mabotolo a sikwashi asanu ndi limodzi, ndendende. Ndawandanditsa pansi pa nkhokwe poti akazi anga, amake Rozi, akana kugona nawo m'nyumba.

Cholinga: Lamulungu ine ndi mnzanga Che Bwanali tikawedze ku chilumba, pakati pa nyanja ya Chiuta. Sabata yake ndi ino yokha. Lolemba likubwerali mwana wawo akudzawatenga kupita nawo ku Limbe. Maso aja atha, ng'ala yaphimba onse awiri. Akuti akungokaonana ndi dokotala, koma mbuzi agulitsa kale zonse, ndipo munthu wokaonana ndi dokotala sagulitsa mbuzi.

Zaka khumi tikusewera bawo pakhonde panga, ndipo nkhani yawo ndi imodzi: chilumba, ndi mlamba umene anagwira kumeneko ali mnyamata. Mlambawo umakula chaka ndi chaka. Pano wafika pofuna anthu atatu onyamula.

Iwo kupalasa sangathenso. Ine sindinapalasepo bwato chibadwire, ndine munthu wa choko. Ndiye pafunika injini.

Zoti ndipeze:
1. injini yosamwa kwambiri
2. bwato lopepuka
3. nyambo
4. njira yoti amake Rozi asiye kuseka

Akuti, "Nsomba zili pamsika apa, zouma kale, inu mukufuna kukazithamangitsa ndi injini?" Ndawafotokozera kuti sitikukafuna ndiwo, tikukangosangalala. Andifunsa ngati mutu ukundipweteka.

Lachiwiri

Ulendo wa ku Ntaja pa njinga. Miyendo yanga ine!

Che Twaibu, makanika wa zigayo, ali ndi injini ziwiri za boti kuseri kwa shedi yawo. Mphamvu ya injini akuti amawerengera mahatchi.

Yaikulu: mahatchi makumi awiri ndi asanu. Yonyezimira, yonyada. Akuti imakafika ku chilumba munthu asanamalize kusenda chinangwa. Ndafunsa za pobwera. Akanda m'mutu. Galoni yanga ingathere popita pomwe, ife n'kumakhala kuchilumbako mpaka Khirisimasi.

Yaing'ono: mahatchi anayi. Anaisiya mzungu wina woyeza nyanja. Yakuda bii, yoonda, chingwe cholizira n'cholumikiza pawiri. "Iyi siimwa, a Hedi, imangonyambita," akutero Che Twaibu.

Ndawerengera pa pepala la simenti:
- awiri popita
- awiri pobwera
- limodzi loyesera
- limodzi la mwina mwake

Zikukwana! Mtima wanga wachita kudumpha.

Andibwereka ulere poti ndinkawalembera makalata bambo awo. Malamulo ndi atatu: petulo asakanizidwe ndi oyilo, udzu usakole chopalasira chake, ndipo m'bwato mukhale anthu awiri basi, oonda. Ine ndi Che Bwanali mutatimanga pamodzi sitingapose thumba limodzi la chimanga ndi theka.

Hatchi sindinaionepo, koma lero ndabwera nawo anayi pa kaliyala. Njinga ndachita kukankha kuyambira pa mlatho.

Ndafika, ndasuzumira pansi pa nkhokwe. Asanu ndi theka! Amake Rozi apatsako wokonza njinga wa pa sitolo, akuti amasungunulira mphira kuti apange zomatira machubu. "Ndikanamumana bwanji? Si yemwe amakumatirani ulere?" Zoona, ndi yemweyo. La mwina mwake latsala theka. Palibe vuto.

Lachitatu

Ku doko kukasankha chokwera. Zilipo zitatu.

Boti lamatabwa la amalonda: limanyamula anthu khumi ndi matumba a matemba. Kulikankha pamafunika mudzi wonse. Kainjini kanga kangangolira pamalo amodzi. Iyayi.

Boti lamalata: lopepuka ndithu. Koma mwini wake wandisonyeza chitini chokapira madzi asanandisonyeze botilo, ndipo ndamva zonse.

Bwato la Che Bwanali lomwe, losema, limene akusunga adzukulu awo. Lalitali, lopyapyala, munthu mmodzi akhoza kulikoka. Ili ndiye losunga petulo! Vuto ndi limodzi: kumbuyo kwake n'kosongoka, injini ilibe pogwira. Kalipentala akuti akhomapo thabwa. Wanena mofulumira kwambiri, koma ndasankha kumukhulupirira.

Asodzi andizungulira. "A Hedi, kuno timakankha ndi nsungwi. Madzi ake ndi a m'chiuno, pansi udzu wokhawokha." Ndawaphunzitsa pang'ono za chitukuko. Amvetsera mwaulemu, ambiri ndi ana anga a sukulu, koma ndili pa mtengo wa mango ndamva kuseka kumbuyo.

Kunyumba mbiri yafika kale kuti kwa a Hedi kuli petulo. Abwera:
- atelala, kotsukira makina
- mkulu wa mpingo, ka m'laitala (akuti n'koyatsira makandulo)
- mayi wa kutsidya kwa msewu, kothamangitsira nsikidzi

Palibe amene wapempha botolo. Aliyense akuti kadontho. Amafika, kukhala pa mpando, kufunsa za kunyumba, za miyendo yanga, za ana a ku Zomba, kenako kumatulutsa kabotolo m'thumba. Munthu woti wakufunsa za miyendo ungamukanize bwanji? Ndipo awa ndi omwe adzakumbe manda anga.

Atsala asanu. La mwina mwake lapita. Koma masamu akadali bwino: awiri, awiri, limodzi. Tikafika!

Lachinayi

Tsiku loyesa injini. Mgolo wa madzi pabwalo, kainjini kamangidwa m'mbali mwake. Ndinafuna kuchita mwakachetechete. Pofika 9 koloko pabwalo panga pali anthu oposa a pa msika wa thonje.

Kukoka koyamba: zii. Kwachisanu: katsokomola. Kwachikhumi ndi chisanu ndi chiwiri, phewa litatsala pang'ono kuguluka: kalira! Utsi wabuluu! Nkhuku zabalalika! Madzi athovukira pa ufa umene amake Rozi anayanika pa mphasa. Za zimenezo sindilemba, koma sanandiyankhule mpaka madzulo.

Che Bwanali agwira mkombero wa mgolo ndi manja onse awiri, ukuwanjenjemeretsa mpaka ndevu, iwo akuseka, mano awo atatu onse poyera. "Mashaallah, a Hedi, kali ndi mawu abwino!" Chimwalirire akazi awo sindinawaonepo akuseka chonchi. Ndinayenera kuzimitsa msanga. Ndakasiya kalire.

Ndangozimitsa, atulukira a tcheyamani a chipani a dera lino. "Ndamva kuti kuno kuli chitukuko, ine osandiuza?" Ndalizanso. Atakhutira, afika akazi awo. Ndalizanso. Kenako alamu awo.

Mafunso:
- Khadi la chipani ndili nalo? Ndili nalo. La Che Bwanali? Lilipo, amalisunga m'chisoti.
- Munthu wosagulitsa nsomba, injini n'ya chiyani?
- Kodi ndikudziwa kuti tsidya la nyanjayi ndi Mozambiki, ndipo kuli nkhondo?

Ndayankha kuti tikukangosangalala. Alemba m'kabuku. "Aphunzitsi, munthu sapita pa nyanja kukasangalala. Kosangalala ndi ku msonkhano." Ndavomereza ndi mutu, poti khosi ndi langa.

Atsala atatu. Atatu! Ndawerenga kawiri, ndawapendeketsa, ndawayang'ana padzuwa. Ndi atatu basi.

Komabe. Awiri popita, limodzi pobwera, kwinako mphepo itikankhe. Masana imaombera chakuno, ndafunsa.

Lachisanu

A tcheyamani atumiza mawu. Aganiza mofatsa, ndipo kuti pasakhale zokayikitsa, apita nafe limodzi kuti akaone ndi maso awo kusangalalako.

Mayo ine! Munthu uja pa njinga amachita kutsika pa mlatho kuti matabwa apume. Che Twaibu anati awiri, oonda. Ndatenganso pepala la simenti. Ndawerengera kutsogolo, ndawerengera chobwerera, ndachotsa ngakhale chimanga chokazinga cha kamba. Yankho likungotuluka limodzi: tikaima pakati pa nyanja, atatu, mmodzi wa ife ali ndi kabuku.

Kalipentala wakhoma thabwa lija. Misomali isanu ndi umodzi, iwiri yopindika. Akuti lingagwire ngakhale ng'ombe. Sindinamufunse za mahatchi.

Pansi pa nkhokwe ndaikapo minga. Wobwera ndi kabotolo ndikumuuza kuti petulo ali m'manja mwa a tcheyamani tsopano. Palibe wafunsanso kachiwiri. Munthu uja ntchito yake ilipo ndithu!

Che Bwanali adutsa pochokera ku mzikiti, mkanjo woyera mbee, ndodo patsogolo. Auza mzikiti wonse za ulendowu, ndipo ashehe awapempherera. M'manja chitini chodzaza nyongolotsi. Akumba okha m'dimba kuyambira m'mawa, mochita kupapasa. Zala zonse matope, mkanjo osadetsedwa ngakhale pang'ono.

"Petulo alipo wokwana, a Hedi?"

Ndati alipo. Si bodza lenileni. Alipo.

Loweruka

M'mamawa, mlangizi uja pakhomo, akukankha njinga yake yamoto. Thanki youma. Akuti mwana wake wamng'ono watentha thupi mpaka kukomoka, ndipo chipatala chokhala ndi jakisoni ndi ku Ntaja. Waima pabwalo, chipewa akuchizunguza m'manja. Akuchita manyazi kupempha chinthu chimene anapereka yekha.

Ndachotsa minga, ndamuthirira awiri asanapemphe n'komwe. Pamenepa panalibe masamu.

Latsala limodzi.

Masana ku doko, kuyesa bwato. A tcheyamani afika atavala nsapato zopolisha. Akhala pakati. Bwato latsika mpaka madzi atsala zala zinayi kuti alowe. Ine kumbuyo, chingwe m'manja, asodzi onse pamtunda ngati pa mpira.

Kalira pa kukoka kwachitatu! Tanyamuka! Mphepo kumaso, ine chimwemwe chokhachokha, ndatsala pang'ono kuyamba nyimbo. Kenako thabwa lapendekeka, misomali yopindika ija yaonetsa khalidwe lake, ndipo bwato layamba kuzungulira. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu a tcheyamani agwira bondo langa n'kuitana mayi awo. Kachinayi udzu wakola chopalasira, kainjini kabuula, zii.

Atikokera kumtunda asodzi omwe aja, akuyenda m'madzi a m'chiuno. Sanaseke. Bola akanaseka.

A tcheyamani akhuthula madzi m'nsapato, atsegula kabuku. "Ndakhutira. Chinthu ichi sichingafike ku Mozambiki. Mawa mupite nokha."

Ndiye taonani, zinthu zikuyenda! Tabwerera pa anthu awiri oonda. Thabwa ndalimanga ndi luzi ndi waya. Uthenga wochokera ku Ntaja ukuti mwana walandira jakisoni, watsegula maso, wapempha nthochi. Ambuye alemekezeke.

Petulo watsala theka la botolo. Pepala la simenti ndayatsira mbaula.

Lamulungu

Kutchalitchi ndatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Mkulu wa mpingo wandiona, koma ali ndi petulo wanga m'laitala, sanganene kanthu.

Amake Rozi atikulungira chinangwa chophika ndi chipewa chawo chaudzu cha Che Bwanali. Sanaseke lero.

Kainjini kachita mbali yake, ndisakanamizire. Katidutsitsa m'kanjira ka pakati pa mabango, bwinobwino, mosazungulira. Che Bwanali kutsogolo, chibwano m'mwamba, dzanja limodzi likukhudza madzi. Tangotuluka poyera, katsokomola kawiri n'kugona. Mtunda wake ngati mabwalo atatu a mpira. Chilumba chili uko, kutali, kachinthu kobiriwira koti n'kubisa ndi chala.

Ndawayang'ana mnzangayo. Maso oyera aja akuyang'ana kolakwika. Ndipo ine, mphunzitsi wamkulu wopuma, ndati, "Tafika, Che Bwanali."

Atchera khutu chakumtunda. Kenako akuti, "A Hedi, zaka makumi atatu mwakhala mukukwapula ana chifukwa cha bodza. Ine ndikumva azimayi akuchapa pa doko."

Manyazi andigwira mpaka m'makutu. Ndayamba kufotokoza za mabotolo, za atelala, za mwana wa mlangizi. Andidula. "Zonsezo ndinamva kale, mudzi uno ulibe chinsinsi. Ikani nyambo, dzuwa likupita."

Tawedza pomwepo maola anayi. Iwo: makumba atatu ndi kamlamba kotalika ngati supuni. Amamva nsomba ndi chala chimodzi pa chingwe, n'kuitchula dzina isanatuluke. Ine: udzu, kasanu. Atukwana nyambo zanga, atukwana kaponyedwe kanga, aimba nyimbo ya Chiyao yopalasira imene sindinawamvepo akuimba. Za chilumba sanatchulenso, inenso ayi.

Pobwerera akankha okha ndi nsungwi, chokhala, ine n'kumawauza kumanja ndi kumanzere. Tagunda mabango kawiri kokha.

Ku chilumba sitinafike. Injini ibwerera ku Ntaja Lachiwiri, pa kaliyala yomweyo, ndi miyendo yomweyi.

Ndawaperekeza mpaka pakhomo pawo, dzanja lawo paphewa langa. Mwana wawo wafika kale, katundu wamanga, ali pakhonde. Tisanalowe pabwalo Che Bwanali aima, apisa m'thumba la mkanjo, andifumbatitsa kachitini ka fodya. Muli mbedza zawo zonse, zokulungidwa m'kansalu ka mafuta.

"Musunge, a Hedi. Ku Limbe kulibe nyanja."

Ndati ndizisunga, adzazipeza akabwerako kwa dokotala.

Andifinya phewa.

Basi yawo inyamuka mawa 6 koloko.