Sabata yoyeza matimati a alamu

Lolemba
Kamakina kafika pa shapa, minibasi yochokera ku Tete, kobwereka kwa mnzanga wa ku laboratoliyo, sabata imodzi yokha. Ntchito yake njosavuta: utsuke matimati, udonthezere madziwo m'kabotolo, uthiremo mankhwala otchedwa luminolo ndi madzi ena, utseke. Ngati muli zotsalira za mankhwala ophera mbozi, mumawala, makina n'kuwerenga kuwalako. Loweruka ndikawaonetsa ogulitsa a pa merekado, msika wa Ulongwe, zimene akudyetsa anthu. Matimati a m'dimba mwanga osapopera mbali iyi, a alamu anga mbali iyo. Ndalengeza kale pamaso pa anthu. Ine mphunzitsi wa kimika, sayansi ya mankhwala, aona!

Lachiwiri
Matimati a alamu, othyoledwa dzulo, opoperedwa dzana. Akuwala ngati chiphaniphani! Ndikuvina ndekha.

Lachitatu
Ndikuwafotokozera amayi ogulitsa. Akumvetsera bwinobwino, mtima wanga mbee. Kenaka mmodzi: "Ndiye kuti mankhwalawo ngenieni, si achinyengo ayi?" Wogula akusankha oyera mbuu ndi ufa wa mankhwala, akuti amenewo sawola msanga.

Lachinayi
Mzere pakhomo! Madengu, mabeseni, wina wabwera ndi njinga kuchokera ku Lifidzi. Aliyense akufuna ake awale kuposa a mnzake. Amene ake sanawale kwenikweni wachoka akutukwana wogulitsa mankhwala. Alamu alemba pakatoni: "Oyezedwa ndi apulofesolo." Ndakwiya kwambiri.

Lachisanu
Ndikuyeza anga, kukonzekera mawa. Akuwala. Ndatsuka kabotolo, ndabwereza. Akuwala. Kachitatu, aposa a alamu! Okayikiridwa:
- makina
- mphepo yochokera kudimba la aneba
- nsanje

Loweruka
Si makina, si mphepo. Ndi mayi a kunyumba. Amapopera ine ndili kusukulu, chaka chachitatu tsopano, pampu amabwereka kwa alamu omwewo. "Mumayesa mbozi zimaopa dipuloma yanu, bambo?" Ndikuwauza zodikira masiku angapo tisanathyole, akuti mvula siidikira. Ku merekado ndatumiza uthenga woti ndadwala mutu. Si bodza.

Lamulungu
Makina ndawapakira m'katoni. Potuluka m'tchalitchi alamu andigwira dzanja pamaso pa onse, akuti malonda sanayendepo chonchi. Kunyumba matimati ndatsuka katatu, ndasenda, ana akundiseka. Ndiwo ya masana ndi kabichi. Ameneyo sindinamuyeze, ndipo sindifunsa.